Chete Wopanda Mwini: Kulandizana Mawu ndi Moyo wa Masewero Olemberana pa Intaneti

Pali mtundu wina wa zolembalemba umene akatswiri ounika mabuku saulabadira kwenikweni, ngakhale kuti olemba ake ndi ochuluka ndipo ena mwa iwo akhala akupitiriza nkhani imodzi yomweyo kwa zaka zoposa 20. Awa ndi masewero olemberana pa intaneti, amene m'Chingerezi amatchedwa play-by-post. Anthu angapo, amene kawirikawiri sanaonanepo maso ndi maso, amagwirizana za dziko longopeka, ndipo aliyense amatenga mpangankhani mmodzi kukhala wakewake. Wina amalemba ndime yofotokoza zimene mpangankhani wake wachita kapena wanena, n'kuisiya pamene anzake aione. Mnzake, mwina patapita maola atatu, mwina masiku atatu, amalemba ndime yoyankha. Nthawi zambiri pamakhala mmodzi woyendetsa sewero, amene amalankhulira nyengo, adani, anthu odutsa m'njira ndi dziko lonselo. Liwu loti ndime ndalisankha dala. M'Chichewa ndime ndi gawo la nkhani yolembedwa, komanso ndi gawo la munda limene munthu wapatsidwa kuti alime, ndipo matanthauzo onse awiri akugwira ntchito pano.

Kuyamba sewero lotere n'kosavuta. Chovuta ndi kulipitiriza. Aliyense amene wafufuzako masamba akale pa malo onga RPOL, Myth-Weavers kapena Giant in the Playground amadziwa maonekedwe a imfa yake. Sabata yoyamba ndime zimagwa ngati mvula ya mu Januwale. Pofika mwezi wachiwiri zimangodontha. Kenako pamakhala ndime yotsiriza imene mwini wake sankadziwa kuti ndi yotsiriza: mpangankhani watsegula chitseko, kapena wasolola lupanga, kapena wafunsa funso, ndipo pansi pake palibe kanthu. Alipo masewero amene amafa ndi mkangano, alipo amene amafika pa mathero okonzedwa, koma imfa yofala ndi iyi ya chete. Eni ake pofotokoza amaloza ntchito, mayeso, matenda kapena kuzirala kwa chidwi. Zonsezi n'zoona, koma sizitiuza chifukwa chimene masewero ena, okhala ndi anthu otanganidwa chimodzimodzi, akhalira zaka 20 kapena 30. Mfundo yanga ndi yakuti kusiyanako kwagona pa kalandizanidwe ka mawu. Sewero limakhalitsa pamene chete aliyense ali ndi mwini wodziwika, ndiponso pamene lamulo linanena kale chochita ngati mwiniyo sayankha.

Mu 1974 Harvey Sacks, Emanuel Schegloff ndi Gail Jefferson anasindikiza m'magazini ya Language kafukufuku wawo wa momwe anthu amalandizirana mawu pocheza. Anaonetsa kuti woyankhula akafika pamene angathe kulekezera, pali njira zitatu zotsatizana. Poyamba, iye mwini angathe kusankha woyankhula wotsatira, mwa kumutchula dzina, kumuyang'ana kapena kumufunsa funso. Ngati sanasankhe, aliyense angathe kudzisankha, ndipo woyamba kutsegula pakamwa ndiye mwini mpata. Ngati palibe wadzisankha, woyankhula uja angathe kupitiriza. Stephen Levinson, m'buku lake la Pragmatics la 1983, anatsindika chinthu chimodzi chochokera m'dongosolo limeneli, chakuti chete sali wamtundu umodzi. Chete wobwera pambuyo pa funso lolunjika kwa munthu ndi wa munthuyo. Onse amamva kuti uje sakuyankha, ndipo amayamba kufunafuna tanthauzo lake. Koma chete wobwera pamene palibe wasankhidwa ndi wa aliyense, kumene kuli kunena kuti alibe mwini.

Anthu akakhala pamodzi, chete wachiwiriyu sakhalitsa chifukwa amalemera. Tanya Stivers ndi anzake, mu 2009, anayeza nthawi yodutsa pakati pa funso ndi yankho m'ziyankhulo 10, kuphatikizapo Chijapani, Chidanishi ndi chiyankhulo cha Haiǁom cha ku Namibia, ndipo anapeza kuti mpatawo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Choncho masekondi awiri okha amakwana kuti wina atsokomole, wina aseke, wina anene kena kalikonse. Pa tsamba la intaneti kulemera kumeneku kulibe. Anthu asanu, wina ali ku Manila, wina ku Toronto, wina ku Glasgow, angathe kuyang'ana ndime imodzi kwa sabata yathunthu, aliyense akuyesa kuti ndi ulemu kudikira mnzake. Palibe waulesi pakati pawo, ndipo onse amatsegula tsambalo tsiku ndi tsiku. Sabata ikatha pamalowa manyazi. Amene wachedwa amaona ngati kuchedwako kuyenera kulipidwa ndi ndime yaitali ndi yokoma, ndipo poti alibe nthawi yolemba ndime yotero, amachedwanso sabata ina. Mwa njira zitatu zija, ya kudzisankha ndiyo imafooka kwambiri mawu akasamuka pakamwa n'kupita pa tsamba.

Vutoli ndi lakale kuposa intaneti, ndipo amene anakumana nalo poyamba analithetsa mwanzeru. Sewero la Diplomacy, limene Allan Calhamer anatulutsa mu 1959, limafuna anthu asanu ndi awiri, aliyense kuimira dziko lamphamvu la ku Ulaya nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe. Kusonkhanitsa anthu otero kwa tsiku lathunthu n'kovuta, motero mu 1963 John Boardman wa ku New York anayamba kuliyendetsa kudzera m'makalata a ku positi, nasindikiza zotsatira m'kanyuzi kake kotchedwa Graustark, kamene kanatuluka kwa zaka makumi angapo. M'masewero a pa positi amenewa munali tsiku lomalizira kulandira makalata. Kalata ya munthu ikapanda kufika, sewero silinkaima: asilikali ake ankangokhala pamene ali, ndipo dzina lake linkalembedwa pamodzi ndi zilembo zosonyeza kuti sanatumize kanthu. Woyendetsa sewero ankasunganso mayina a anthu odikira, okonzeka kulowa m'malo mwa amene wasowa. Tione bwino zimene zachitika apa. Chete wapatsidwa dzina la mwini wake, wapatsidwa malire a nthawi, wapatsidwanso tanthauzo m'malamulo. Kusayankha kwasanduka yankho.

Zinthu zinavutirapo pamene masewero otengera mbali za apangankhani analowa m'njira yomweyi. Dungeons & Dragons, limene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974, linapangidwira anthu okhala mozungulira tebulo limodzi. Pa nthawi ya nkhondo osewera amaponya madayisi kuti adziwe woyamba ndi wotsatira, ndipo aliyense amadikira mpata wake. Kuyambira kope lachitatu la mu 2000, kuzungulira kumodzi kwa osewera onse kumaimira masekondi 6 a m'nkhani. Tiyeni tiwerengere. Osewera asanu ndi woyendetsa sewero ndi anthu 6. Aliyense akamatenga tsiku limodzi kuti alembe, ndipo sangalembe mnzake wapatsogolo asanalembe, kuzungulira kumodzi kumadya masiku 6. Nkhani ikuyenda sekondi imodzi pa tsiku. Ndewu yaing'ono ya kuzungulira kanayi, imene pa tebulo ingathe anthu asanamalize kumwa tiyi, imadya masiku 24, ndipo apa tayerekeza kuti palibe wadwala kapena wapita kumaliro. Dongosolo limeneli limapatsa chete mwini, inde, koma silinena chochita mwiniyo akasowa, choncho munthu mmodzi amaimitsa anthu asanu.

Oyendetsa masewero odziwa ntchito yawo amaswa dongosololi mosanyinyirika. Amalola osewera onse kulemba mu ndondomeko iliyonse, kenako iwo amalumikiza zochitazo mu ndime imodzi. Amaponya okha madayisi m'malo mopempha wosewera kuti aponye, poti pempho lotero limadya tsiku lopita ndi tsiku lobwerera. Amalengeza sewero lisanayambe kuti amene sanalembe pakatha maola 24 kapena 48, mpangankhani wake adzayendetsedwa ndi woyendetsa sewero m'njira yosamupweteka. Imeneyi ndi njira yachitatu ya Sacks ndi anzake, ya woyankhula kupitiriza, itasandutsidwa lamulo. Osewera nawo amaphunzira kulemba ziganizo za ngati: chitseko chikatseguka alowa, chikakana aitana anzake. Kamphatikira kakang'ono ka -ka- kamene kali mu chikatseguka kamapulumutsa masiku awiri. N'zosadabwitsa kuti ambiri aona kuti malamulo a Apocalypse World, sewero la Vincent Baker la mu 2010, ndi ena otengera kwa ilo, amayenda bwino polemberana. Mmenemo mulibe mzere wodikirana, woyendetsa sewero saponya madayisi, ndipo amalangizidwa kuti akafotokoza choopsa atembenukire kwa wosewera ndi kumufunsa chimene achite.

Koma malamulo a nthawi ndi khungu chabe. Mnofu wa nkhaniyi uli m'kati mwa ndime yeniyeniyo, m'kapangidwe ka ziganizo zake, ndipo apa ndi pamene wounika zolemba ayenera kukhalitsa. Taonani ziganizo zitatu izi, zimene ndapeka kuti zitithandize. Mlenje ndi wa wolemba. Mlonda ndi wa mnzake.

(1) Mlenje anamubaya mlondayo pamtima, mlondayo nagwa.

(2) Mlenje anaponya mkondo molunjika pamtima pa mlondayo.

(3) Mlenje anayang'ana nyenyezi, nakumbukira mudzi wakwawo ndi amayi ake amene anamwalira chaka cha njala.

Chiganizo (1) ndi mlandu waukulu pakati pa osewera, ndipo amautcha godmodding, kutanthauza kudzisandutsa mulungu wa nkhani. M'masewerowa kulemba ndi kuchita, monga momwe J. L. Austin anafotokozera mu 1962 za mawu amene amachita chinthu pongonenedwa. Ndipo monga Austin anaonera, mawu otero amagwira ntchito pokhapokha wowanenayo ali ndi udindo wake. Wolemba (1) alibe udindo pa thupi la mlonda. Mneni woti kubaya ananyamula zotsatira zake m'kati mwake, monga alili aneni oti kupha, kugwira ndi kuthyola, amene Zeno Vendler mu 1957 anawasiyanitsa ndi aneni a ntchito yopanda malekezero onga kuthamanga. Kamphatikira ka -mu- kamugwira mlondayo n'kumusandutsa pamtherankhani, ndipo nthambi yachiwiri ya chiganizo yamugwetsa pansi mwini wake asanafunsidwe. Mu (2) pamtherankhani ndi mkondo, chinthu cha mlenje mwini. Mlonda wangotchulidwa m'kapandamneni wa malo. Mkondo uli m'malere. Kaya ubaya, kaya uphonya, kaya ugwera pa chishango, zimenezo zatsalira mwini mlonda, ndipo iye yekha ndiye ali ndi ufulu wolemba kuti anabayidwa. Chingerezi chimachita zomwezi ndi kaliwu ka at, posiyanitsa shot him ndi shot at him. Chodabwitsa n'chakuti masewero ambiri amalembedwa mu nthawi yakale, ngati kuti zonse zinachitika kale, chikhalirecho wolemba sadziwa ngati mkondo wake wagwira. Ndi nthawi yakale yotsegukira kutsogolo, chinthu chimene sitichipeza m'buku la mlembi mmodzi.

Zonsezi osewera amazidziwa, ngakhale satchula Vendler. Chimene ambiri sachiona n'chakuti chiganizo (3) chili ndi mlandu wofanana ndi wa (1). Choyamba chimatseka pakamwa pa mnzako pomulankhulira. Chachitatu chimamutseka pakamwa pomusiya wopanda choyankha. Gary Alan Fine, m'buku lake la Shared Fantasy la 1983, potsatira Erving Goffman, anaonetsa kuti wosewera amakhala m'magawo atatu nthawi imodzi: ndi munthu, ndi wosewera wodziwa malamulo, ndiponso ndi mpangankhani. Zimene munthuyo wawerenga, mpangankhani wake sanazimve. Mlonda sangayankhe za amayi a mlenje, chifukwa maganizo samveka, ndipo akayankha aimbidwa mlandu wina, wogwiritsa ntchito zimene mpangankhani wake sakuzidziwa. Motero ndime ya mawu 800, imene mawu ake 790 ndi zikumbukiro, kununkhira kwa mvula ndi mtundu wa maso, imapatsa mnzako mawu 10 oti agwirepo. Komabe ndime yotere ndi imene imayamikiridwa. Pali magulu amene amadzitcha a olemba okhwima ndipo amalamula kuti ndime iliyonse isachepere mawu akutiakuti. Lamulo limeneli ndimaliona kuti ndi lolakwika pa luso ndi pa moyo wa sewero pomwe. Likuyeza ndime ndi muyeso wa nkhani yaifupi, pamene ndime ndi theka la kukambirana. Paul Grice mu 1975 ananena kuti ocheza amayembekezerana kupereka zokwanira, osachepetsa ndiponso osapyoza. Mpangankhani akafunsa kuti moto wazima kodi, yankho la masamba awiri ndi kupyoza, ndipo wolandira yankho lotero amadzimva kuti ali ndi ngongole ya masamba awiri. Ngongole ikakula, wangongole amasiya kudutsa njira imeneyo.

Sindikunena kuti maganizo a mpangankhani asalembedwe. Ndime zabwino zimene munthu angawerenge m'masewerowa zimakhala nawo, ndipo kukoma kwake kumachokera pa mpata umene uli pakati pa zimene mpangankhani akuganiza ndi zimene wanena, mpata umene owerenga onse akuuona koma apangankhani awo sakuuona. Chofunika n'chakuti maganizowo atulukire kunja penapake: dzanja linjenjemere, mawu adukire pakati, mlenje afunse mlonda ngati kwawo kunagwanso njala. Keith Johnstone, polemba za zisudzo zosakonzekera m'buku la Impro la 1979, anati wochita sewero aliyense amapereka kanthu kwa mnzake, ndipo mnzakeyo angathe kulandira kapena kutsekereza. Ndime yabwino imalandira chimene yapatsidwa, imasuntha nkhani pang'ono, ndipo imasiya chinthu m'manja mwa munthu wotchulidwa dzina.

Chitsanzo chimene chimandikhutiritsa kwambiri ndi gulu la StarBase 118, limene linayamba mu 1994 ndipo limalemba nkhani za m'dziko la Star Trek kudzera pa imelo. Kalembedwe kawo n'kosakongola m'maso. Wolemba amalemba mawu a mpangankhani wake monga m'buku la sewero, dzina kumanzere, mawu kumanja. Akafika pamene mnzake ayenera kuyankhula, amalemba dzina la mpangankhani wa mnzakeyo n'kusiya mpata wokhala ndi chizindikiro chakuti yankho likudikiridwa, kenako amapitiriza. Wolandira amakopera chochitika chonsecho, amadzaza mipata ya dzina lake, amachifotokozanso mwa kaonedwe ka mpangankhani wake, amachipititsa patsogolo, n'kusiyira ena mipata yatsopano. Wowerenga wochokera kunja amatopa, chifukwa chochitika chimodzi amachiwerenga kanayi kapena kasanu. Mtengo umenewu ndi weniweni ndipo sitiyenera kuubisa: zolemba zotere n'zokomera olemba kuposa owerenga. Koma taonani chimene chagulidwa. Chete wasanduka chinthu chooneka ndi maso, mzere wopanda mawu wokhala ndi dzina lako kumanzere kwake. Palibe angati sanadziwe kuti ndi nthawi yake. Komanso wolemba sanaime kudikira yankho. Wadutsa mpatawo n'kupitiriza, kotero kuti njira yoyamba ndi yachitatu za Sacks ndi anzake zagwira ntchito mu ndime imodzi.

Dziko la nkhaniyo nalo limathandiza. M'sitima ya m'mlengalenga ya Star Trek muli maudindo: kaputeni amalamula, woona za injini amapereka lipoti, dokotala amaitanidwa wina akavulala. Lamulo limaitana lipoti monga funso limaitanira yankho, choncho nkhani yeniyeniyo imagawa mipata yoyankhula popanda wina kutuluka m'sewero kukakumbutsa anzake. Kunja kwa nkhani, gululi lili ndi maphunziro a olowa kumene, chiyembekezo cha ndime pafupifupi zitatu pa sabata, njira yopemphera tchuthi, ndi makwerero a maudindo amene amakonzekeretsa wachiwiri kwa kaputeni kudzatsogolera sitima yake. Sitima ikachepa anthu imaimikidwa, otsalawo n'kugawidwa ku sitima zina. Ena amaseka zonsezi kuti ndi ofesi ya boma yovala zovala za zisudzo, ndipo kusekako kuli ndi pake. Koma masewero ambiri amafa tsiku limene woyambitsa wake watopa, chifukwa dziko lonse linali m'mutu mwa munthu mmodzi. Gulu limene limaphunzitsa olowa m'malo lachotsa moyo wa sewero m'manja mwa munthu mmodzi.

Si malamulo onse ooneka ngati awa amene amathandiza. M'masewero a pa LiveJournal, ndipo pambuyo pake pa Dreamwidth, munazika mwambo wa kalembera wa mwezi ndi mwezi: wosewera aonetse kuti walemba ndime zokwana chiwerengero chakuti, apo ayi mpangankhani wake achotsedwa. Kalemberayu amachotsadi mayina akufa ndi kutsegulira malo ena, koma amawerenga ndime m'malo mowerenga mayankho. Munthu angathe kukwanitsa chiwerengero polemberana ndi bwenzi lake lokha m'masiku atatu otsiriza a mwezi, pamene mlendo amene anamulonjera pa tsiku lachiwiri akudikirabe. Ndiponso popeza masewerowa amalola munthu mmodzi kukhala ndi apangankhani angapo m'masewero angapo, nthawi zambiri wolephera kalembera si waulesi koma wosusuka. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Muyeso wabwino ukanafunsa kuti ndi mipata ingati ya dzina lako imene yakhala yosadzazidwa kupyola sabata, ndiponso ndi anthu angati osiyanasiyana amene wawayankha.

Pali mbali ina imene ife ozolowera nthano sitivutika kuimvetsa. Wokamba nthano akati padangokhala, omvera amati tili tonse, ndipo amabwerezabwereza nthano ili m'kati. Mawu amenewa sawonjezera kanthu pa zochitika, koma akaleka kumveka wokamba amadziwa kuti ana agona. Victor Yngve mu 1970 anatchula timawu totere kuti ndi njira ya kumbuyo ya kukambirana, ndipo Bronisław Malinowski anali atalemba kale mu 1923 za kuyankhula kumene ntchito yake ndi kungosunga ubale. Tsamba la nkhani m'masewero olemberana lilibe malo a tili tonse. Munthu amalemba ndime imene waivutikira usiku wonse, ndipo sadziwa ngati wina waiwerenga mpaka yankho litabwera. N'chifukwa chake pafupifupi sewero lililonse lokhalitsa lili ndi bwalo lachiwiri, la kunja kwa nkhani, kumene anthu amati ndawerenga, ndaseka, ndiyankha Lachinayi, mwana wadwala. Mawu oti ndiyankha Lachinayi ndi amtengo wapatali, poti amasandutsa chete wosadziwika kukhala chete wa malire. Kuyambira pamene Discord inabwera mu 2015 bwalo lachiwirili lakula kwambiri, ndipo labweretsa matenda ake. Macheza a pompopompo ndi okoma kuposa ntchito yolemba, kotero gulu lingathe kukambirana kwa mwezi wathunthu zimene apangankhani awo adzachite, n'kukhuta nkhaniyo asanailembe.

Njira ina yopirira kusowa kwa anthu ndiyo kuumba malo a nkhani kuti kulowa ndi kutuluka kukhale mbali ya nkhaniyo. Milliways Bar, sewero limene linayamba pa LiveJournal mu 2004 ndipo dzina lake linachokera m'mabuku a Douglas Adams, limachitikira m'nyumba yomwera imene apangankhani a m'mabuku ndi makanema osiyanasiyana amalowamo kudzera pa khomo limodzi. Amene wasowa kwa miyezi itatu sanaphwanye kanthu, anangotuluka pakhomo. Ben Robbins, pofotokoza mu 2007 sewero lake la pa tebulo lotchedwa West Marches, anapereka maganizo ofanana: gulu lalikulu la osewera, tauni imodzi yobwererako, ndi maulendo aafupi amene osewera okha amakonza. Olemberana pa intaneti ambiri anatengera dongosololi. Kufooka kwake n'koonekeratu. Kumene aliyense angachoke popanda kuwononga nkhani, ndiye kuti nkhaniyo sinatsamire pa aliyense, ndipo wowerenga amapeza malonje ochuluka ndi zochitika zochepa. Nyumba yomwera imakhalitsa kuposa ulendo wa nkhondo, koma kawirikawiri ulendowo ndi umene anthu amaukumbukira.

Za malo osungira zolembazi ndingodutsapo mwachidule. Mu 2005 ezboard inataya zolemba zambiri za magulu ake. GeoCities inatsekedwa mu 2009. Mu Disembala 2011 LiveJournal inasintha kaonekedwe ka mayankho, kuphatikizapo kuchotsa kamzere ka mutu kamene osewera ankadalira, ndipo magulu ambiri anasamukira ku Dreamwidth. Yahoo! Groups inafufuta zosungidwa zake kuyambira kumapeto kwa 2019 ndi kutsekeratu mu Disembala 2020. Magulu amene anapulumuka ndi amene anali ndi njira yachiwiri yopezerana ndiponso makope a nkhani zawo. Koma nkhokwe yodzaza nayo imaopseza mlendo, amene sangawerenge zolemba za zaka 15 asanalembe ndime yake yoyamba. Amafuna tsamba limodzi lomuuza pamene nkhani yafika ndi munthu mmodzi womusiyira mpata wa dzina lake.

Chotsala ndi nkhani ya kutseka. Schegloff ndi Sacks, mu 1973, anaonetsa kuti kukambirana sikutha mwa kungoleka kuyankhula, chifukwa kuleka kotero kumamveka ngati chete wa munthu wina. Ocheza amayenera kugwirizana kuti afika potsazikana, ndipo ali ndi timawu tokonzera zimenezo, monga ife timati chabwino, basi, tionana. Masewero olemberana ali ndi luso lochepa pa zimenezi. Zochitika zing'onozing'ono zimasiyidwa zosatseka chifukwa palibe afuna kuoneka ngati wathawa mnzake, ndipo wosewera mmodzi amapezeka ali ndi zokambirana zisanu ndi ziwiri zotseguka, chilichonse chikumudikira. StarBase 118 imagawa nkhani zake m'maulendo okhala ndi chiyambi ndi mathero, ndipo pakati pa ulendo ndi ulendo pamakhala nthawi yopuma imene apangankhani amacheza, amalandira maudindo atsopano, ndipo amene akufuna kuchoka amachoka mwaulemu, mlendo n'kulowa popanda kudumphira m'kati mwa ndewu. Woyendetsa sewero laling'ono la anthu asanu angachite chimodzimodzi polonjeza chigawo chimodzi cha miyezi itatu m'malo molonjeza mbiri ya ufumu wonse, ndipo chigawocho chikatha afunse aliyense, pomutchula dzina, ngati akufuna chachiwiri.